ZEMA ndi malire a mankhwala otsalira mu mtedza wa ku Petauke ndi Nyimba

Zambia Environmental Management Agency, imene anthu amangoitchula kuti ZEMA, ndi bungwe la boma la Zambia loyang'anira chilengedwe, ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Dzinali limamveka kwambiri pa wailesi mgodi ukaipitsa mtsinje kapena fakitale ikatsamwitsa anthu ndi utsi. Koma pa ntchito zimene lamulo linaika m'manja mwa bungweli, ilipo ina imene imafika mpaka m'minda ya mtedza ya ku Petauke ndi Nyimba. Mankhwala ophera tizilombo saloledwa kulowa m'dzikolo, kupangidwa kapena kugulitsidwa popanda chilolezo cha ZEMA, ndipo zolembedwa pa botolo zimayenera kudzera m'manja mwake. Malire a mankhwala amene angatsalire mu chakudya amaikidwa mogwirizana ndi mabungwe ena, a m'dziko momwemo ndi a kunja. Komabe kuti malirewo asungike kapena aphwanyike zimadalira mtundu wa mankhwala amene ZEMA yalola kuti afike m'sitolo, ndiponso masiku olembedwa pa botolo oti mlimi adikire asanakolole.

Chigawo cha Kummawa ndicho chimalima mtedza wambiri kuposa zigawo zonse za Zambia. Ku Petauke ndi Nyimba, kwa Ansenga a mafumu Kalindawalo, Ndake, Luembe, Nyalugwe ndi Mwape, mtedza amautcha nshawa, ndipo m'mabanja ambiri ndi mbewu ya amayi: ndiwo amabzala, kupalira, kuthothola, kuswa ndi kusinja. Nsinjiro zimalowa m'ndiwo ndi m'phala la mwana, kotero chilichonse chotsalira mu mtedza chimafika msanga m'kamwa mwa anthu ang'onoang'ono. Malonda a mbewuyi ndi akale m'derali. Makopaletivu a ku Petauke ankagula kale mtedza dziko lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo Chalimbana, mtedza wa maso akuluakulu, unkatumizidwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Pambuyo pake siteshoni ya kafukufuku ya Msekera ku Chipata inatulutsa mitundu ina monga MGV4, MGV5 ndi Chishango. Adani a mbewuyi ndi odziwika kwa mlimi aliyense: nsabwe zimene zimafalitsa khate la mtedza, chiswe choboola mizu ndi makoko mvula ikadula, mbozi zoyera za m'nthaka, abongololo, ndi tizilombo tofumbutsa mtedza m'matumba.

Zaka zoyambirira za ufulu, mankhwala amene ankadaliridwa pa chiswe ndi tizilombo ta m'nthaka anali a gulu la DDT, aldrin ndi dieldrin. Anali otsika mtengo ndipo ankaphadi, koma sawola msanga. Amakhala m'dothi zaka zambiri ndipo amakonda kumatirira ku mafuta. Apa ndi pamene mtedza umasiyana ndi chimanga. Makoko ake amakhwimira m'dothi, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa njere yake ndi mafuta, kotero umatha kutola mankhwala amene anathiridwa m'munda mwini wake asanabadwe. Pa nthawiyo malamulo okhudza mankhwala oterewa anali omwazika m'maunduna osiyanasiyana. Lamulo la Food and Drugs Act la 1972 linaletsa kugulitsa chakudya chokhala ndi poizoni kapena chinthu chovulaza, koma linkayang'ana chakudya chimene chafika kale pamsika. Pa khomo lolowera mankhwalawo panalibe mlonda mmodzi wodziwika.

Kunja nkhaniyi inali itayamba kale kuwira. Buku la Rachel Carson lotchedwa Silent Spring, limene linatuluka ku America mu 1962, linaonetsa anthu wamba mmene mankhwalawa amayendera kuchoka m'munda kupita m'madzi, m'mbalame ndi m'matupi a anthu. Mu 1963 mabungwe awiri a United Nations, FAO yoona za chakudya ndi ulimi ndi WHO yoona za umoyo, anayambitsa Codex Alimentarius Commission kuti maiko azigwirizana pa miyezo ya chakudya. Chaka chomwecho gulu la akatswiri a mabungwe awiriwa, limene masiku ano limatchedwa JMPR, linayamba kukumana kuti liziunika mankhwala amodziamodzi. Komiti ya Codex yoona za mankhwala otsalira m'zakudya inakhala pansi koyamba mu 1966 ku The Hague. Dziko la Netherlands linaisunga kwa zaka makumi anayi, ndipo kuyambira 2007 imasungidwa ndi China. Zambia ndi membala wa Codex.

Mmene malire amapezekera n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa ntchito yonse ya ZEMA pa mankhwala imatsamira pamenepo. Akatswiri amayamba ndi funso la umoyo. Nyama za mu labotale, makamaka makoswe, zimadyetsedwa mankhwalawo kwa nthawi yaitali pa milingo yosiyana, mpaka papezeke mlingo waukulu umene suonetsa vuto lililonse. Mlingo umenewo nthawi zambiri amaugawa ndi 100: khumi chifukwa munthu si khoswe, khumi lina chifukwa anthu amasiyana, wina ndi khanda, wina ndi mayi woyembekezera, wina ndi wodwala. Chotsalacho ndicho chimene munthu angadye tsiku ndi tsiku moyo wake wonse osavulala. Kenako pamabwera funso la m'munda. Mbewu imalimidwa m'minda yoyeserera, n'kupoperedwa ndendende monga lebulo likunenera, mlingo wake, kangati, ndi masiku angati kukolola kusanafike. Zokololazo zimapimidwa, ndipo kuchokera pa zimene zapezeka akatswiri amatchula nambala, mamiligalamu akutiakuti pa kilogalamu imodzi. Nambalayo amaiyerekeza ndi kadyedwe ka anthu a m'madera osiyanasiyana. Ikapitirira chimene thupi lingalandire, imakanidwa, ndipo kapoperedwe kameneko sikavomerezedwa. Ikakhala pansi, imadzera m'masitepe a Codex mpaka maiko aivomereze, ndipo ndiyo imatchedwa MRL.

Choncho MRL si mzere umene munthu akangoudumpha amagwa pansi. Ndi umboni wa kagwiritsidwe ntchito: mtedza ukapezeka ndi mankhwala opitirira malire, ndiye kuti wina anathira ambiri, anathira mochedwa, kapena anathira mankhwala amene sanalembedwere mtedza. Pa mankhwala akale okhalitsa m'dothi, Codex ili ndi malire a mtundu wina, oganizira kuti mlimi wa lero sanawathire koma anawapeza. Pali chinanso chimene chimasokoneza amalonda ambiri. Ngakhale kuti pamsika mtedza umaikidwa pamodzi ndi makadamiya ndi kashu wa ku Mongu, m'mabuku a Codex uli m'gulu la mbewu za mafuta, pamodzi ndi mpendadzuwa ndi nthangala za thonje. Malire a mtedza wa m'mitengo sagwira ntchito pa nshawa. Masangwi nawo ali ndi malire awoawo, popeza ng'ombe ndi mbuzi zikawadya zotsalira zimatha kutulukira mu mkaka ndi nyama.

M'dziko la Zambia njira yopita ku bungwe loona zimenezi inayamba ndi National Conservation Strategy ya 1985, chikalata cha boma la Kenneth Kaunda chimene chinanena kuti pakufunika lamulo limodzi la chilengedwe ndi bungwe lolitsata. Lamulolo linadutsa mu 1990, Environmental Protection and Pollution Control Act, ndipo linali ndi chigawo chakechake cha mankhwala ophera tizilombo ndi zinthu za poizoni. Bungwe limene linabadwa m'lamuloli, Environmental Council of Zambia kapena ECZ, linayamba ntchito mu 1992, boma litasintha kale ndipo Frederick Chiluba ali pampando. Malamulo atsatanetsatane a mankhwala anatuluka mu 1994. Kuyambira pamenepo woitanitsa mankhwala kunja anayenera kuwalembetsa, kuonetsa zimene zili m'kati mwake ndi kuopsa kwake, kupereka lebulo kuti liunikidwe, ndi kutenga laisensi. Wosunga, wonyamula ndi wogulitsa nayenso chimodzimodzi.

Bungweli linabadwa pa nthawi yovuta kwambiri pa ntchito yotere. NAMBOARD, imene inkagula mbewu ndi kugawa zipangizo za ulimi, inali itathetsedwa mu 1989, ndipo makopaletivu amene anailowa m'malo anafooka msika utamasulidwa. LINTCO, kampani ya boma ya thonje, inagulitsidwa mu 1994 kwa Lonrho ndi Clark Cotton. Mankhwala amene kale ankadzera m'manja ochepa a boma anayamba kudzera m'manja ambirimbiri: makampani a thonje opereka pangongole, masitolo a zipangizo za ulimi pa maboma, ndi ogulitsa pamisika ya m'mbali mwa msewu wa Great East. Pa nthawi yomweyo nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'dzikolo kudzera ku Nakonde mu 1993, anayamba kusandutsa chimanga ufa chili m'nkhokwe, ndipo mabanja amene kale ankadalira phulusa anayamba kugula mankhwala a ufa osungira mbewu. ECZ inayamba kulondera khomo pamene makomo anali akuchuluka.

Ntchito yake yoyamba yooneka ndi maso inali yosesa zakale. M'nyumba zosungiramo katundu za makopaletivu ndi za boma munali migolo ya mankhwala otha ntchito, ina yadzimbiri, ina yodontha, ina yopanda ngakhale dzina. Mu 1997, mothandizidwa ndi FAO pamodzi ndi maiko a Netherlands ndi Germany, matani pafupifupi 360 anapakidwanso m'migolo yatsopano n'kutumizidwa ku Ulaya kukatenthedwa m'ng'anjo zapadera. Kenako panabwera mapangano a maiko. Pangano la Stockholm la 2001 linaika aldrin, dieldrin, chlordane, heptachlor ndi anzawo pa mndandanda wa zofunika kuthetsedwa, ndipo Zambia inalivomereza mu 2006. Pangano la Rotterdam la 1998, limene limati dziko lolandira mankhwala oopsa liyenera kuuzidwa ndi kuvomera asanatumizidwe, Zambia inalowamo mu 2011. DDT inatsala ndi khomo limodzi lokha, lopopera m'makoma a nyumba polimbana ndi malungo. Kampani ya Konkola Copper Mines inayamba kutero mu 2000 ku Chingola ndi Chililabombwe, boma linatsatira, ndipo ECZ inali ndi udindo woona kuti mankhwalawo asapatukire ku minda ndi ku nkhokwe. Udzudzu utayamba kupirira DDT, opopera anasinthira ku mankhwala ena, kuphatikizapo pirimiphos-methyl, yemweyo amene ali mu Actellic wa m'matumba a chimanga.

Mu 2011, nthawi ya Rupiah Banda, Nyumba ya Malamulo inafafaniza lamulo la 1990 n'kuika m'malo mwake Environmental Management Act, ndipo ECZ inasanduka ZEMA. Sikunali kusintha dzina kokha. Mphamvu za oyendera zinakula, zilango zinakwera, ndipo lamulo linanena poyera kuti munthu aliyense wokhala m'dzikolo ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osavulaza. Mu 2013 malamulo onse a malaisensi, a mpweya, madzi, zinyalala ndi mankhwala, anaikidwa m'chikalata chimodzi. Kuyambira 2021, pamene Hakainde Hichilema anakhazikitsa unduna wa Green Economy and Environment, ZEMA ili pansi pa undunawo.

Mayeso aakulu a dongosololi anafika kumapeto kwa 2016, pamene mbozi za fall armyworm, zochokera ku America, zinagwa m'chimanga. Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti ndege za asilikali zithandize kunyamula mankhwala kupita ku zigawo. Chimanga ndi moyo, ndipo palibe akanadikira. Koma zotsatira zake zinakhalitsa kuposa dzinja limenelo. Mabanja amene sanapoperepo chimanga chibadwire anaphunzira kusenza sipuleya kumsana, ndipo mabotolo a cypermethrin, lambda-cyhalothrin, emamectin benzoate ndi chlorpyrifos anakhala katundu wa m'nyumba wamba. Botolo likatsala theka silitayidwa. Limadikira mdani wina, ndipo mdaniyo amatha kukhala nsabwe za mu mtedza kapena mbozi za mu repu wa kudimba.

Kunena zoona, mlimi wamng'ono wa ku Petauke kapena Nyimba sapopera mtedza kawirikawiri monga amachitira ndi thonje. Ambiri saupopera n'komwe. Zotsalira zimalowa mu mtedza makamaka kudzera m'njira zam'mbali. Ina ndi ya thonje. Kampani imapereka mankhwala pangongole, oyezedwa molingana ndi munda wa thonje, ndipo mayi akaona masamba a mtedza wake akupota ndi nsabwe amatapa pomwepo. Mankhwalawo ndi ovomerezeka, laisensi yake ilipo, koma masiku odikira olembedwa pa botolo anawerengeredwa thonje, limene silidyedwa monga momwe mtedza wauwisi umadyedwera, wozulidwa lero n'kuwiritsidwa madzulo omwewo. Ina ndi ya m'nkhokwe, ndipo iyi ndiyo yoyandikira m'kamwa kwambiri. Mtedza wosungidwa m'makoko umadziteteza wokha kwa miyezi ingapo. Ukasweka n'kuikidwa m'thumba podikira mtengo wabwino, tizilombo timaupeza msanga, ndipo wosunga amatenga ufa wa Actellic kapena Shumba umene unatsala pa chimanga n'kuwaza ndi dzanja, osayeza. Chimanga chimakonoledwa ndi kuviikidwa, gaga n'kuchoka ndi mankhwala ambiri. Mtedza umangokazingidwa kapena kusinjidwa ndi khungu lake lomwe, ndipo mafuta ake amagwira mankhwalawo.

Choopsa kwambiri ndi mapiritsi a aluminium phosphide. Awa amatulutsa mpweya wakupha akakhudzana ndi chinyezi, ndipo anapangidwira akatswiri ophunzitsidwa, ofukiza milu ya matumba pansi pa matenti otsekeka bwino m'nyumba zopanda anthu. Akagwiritsidwa ntchito moyenera sasiya zambiri mu mbewu. Ngozi yake ili pa mpweyawo, piritsi likakulungidwa m'kansalu n'kuponyedwa m'thumba limene lili m'chipinda chogona ana. N'chifukwa chake malonda a mapiritsiwa ali m'gulu la zimene zimafuna laisensi ndi maphunziro, ndipo n'chifukwa chake kuwapeza pa thebulo la pamsika ndi kuphwanya lamulo.

Lebulo ndiye kalata ya ZEMA kwa mlimi, ndipo ndi pamene sayansi yonse ya ku FAO, ku WHO ndi ku Lusaka imathera. Pa botolo lovomerezeka pamakhala dzina la malonda, dzina la mankhwala enieni ndi mphamvu yake, mbewu ndi tizilombo timene analembedwera, mlingo wothira mu sipuleya, masiku odikira, chithandizo choyamba munthu akamwa kapena akathiridwa, tsiku lopangidwa, ndi dzina la woitanitsa. M'munsi mumadutsa mzere wa mtundu. Dongosolo limene FAO inakhala ikulangiza limayambira pa wofiira, wa oopsa kwambiri, kutsikira ku wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira. Mu mzeremo muli tizithunzi ta magolovesi, nsapato za jombo, kusamba m'manja, loko wotsekera ana. Koma mawu ambiri ali m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono, pamene wogwiritsa ntchito amalankhula Chinsenga kapena Chinyanja. Ndipo kalatayo nthawi zambiri siimufika n'komwe. Mlimi wa ndalama zochepa safuna lita yathunthu. Amafuna zokwana sipuleya ziwiri. Wogulitsa amatsegula botolo, n'kumuthirira m'kabotolo ka zakumwa kapena m'kapulasitiki komanga pakamwa. Mankhwala amapita kumudzi, lebulo limatsala m'sitolo. Kugawa kotere lamulo silikulola, koma umphawi umakufuna, ndipo mpaka opanga atachulukitsa timapaketi ting'onoting'ono tokhala ndi lebulo lake, oyendera adzakhala akulimbana ndi chinthu chimene wogula mwini akuchipempha.

Kukula kwa dera kumawonjezera vutoli. Petauke ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka, ndipo midzi ya m'chigwa cha Luangwa m'boma la Nyimba imavuta kufikako m'dzinja. Maboma onse awiri achita malire ndi chigawo cha Tete cha Mozambique. Katundu wodzera pa zipata za Chanida ndi Mwami amakhala ndi mapepala, koma njira za njinga ndi njinga zamoto zodutsa m'tchire zilibe ofesi. ZEMA nayo ili ndi ntchito zina zolemera zimene zimadya nthawi ya oyendera ake: mtovu wa ku Kabwe, migodi ya ku Copperbelt ndi Kumpoto chakumadzulo, ndi ngozi ngati ya February 2025 pamene damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi n'kuthira asidi m'madzi opita ku Kafue. Pa mulu wa ntchito wotere, kabotolo ka pamsika wa ku Nyimba sikakhala pamwamba. Kumudzi bungweli limadalira maso a ena: alangizi a zaulimi a m'makampu, oyang'anira zaumoyo a makhonsolo, ndi maphunziro amene bungwe la ogulitsa mankhwala la CropLife Zambia limapereka kwa eni masitolo ndi opopera olipidwa.

Kupima chakudya chenichenicho ndi udindo wa mabungwe ena. Zambia Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa mu 1982, imalemba miyezo ya dziko ndipo pa zakudya imatsamira kwambiri pa Codex. Malamulo a 2017 anagawa ntchito yake, n'kupereka yokakamiza miyezo ku Zambia Compulsory Standards Agency. Unduna wa Zaumoyo uli ndi labotale ya zakudya ku Lusaka, ndipo Food Safety Act ya 2019 inabwera kudzalunzanitsa maofesi onsewa m'malo mwa dongosolo la 1972. Kugawana kumeneku kuli ndi nzeru yake, poti wolola mankhwala sayenera kukhala yemweyo wodziweruza. Kuli ndi mpata wakenso. Makina opimira zotsalira ndi okwera mtengo ndipo ali m'mizinda ikuluikulu, pamene mtedza wambiri wa ku Petauke umadyedwa pakhomo kapena kugulitsidwa pa meda kwa mavenda, n'kusakanizidwa ndi wa midzi khumi usanakwere lole. Thumba likapezeka ndi vuto ku Lusaka, palibe angaloze munda umene linachokera.

Pa mtedza, maso a opima akhala kwambiri pa chuku kuposa pa mankhwala, ndipo m'pomveka. Poizoni wa aflatoxin, amene anadziwika nkhukutembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil, ndi mmodzi mwa zimene zinatsekera mtedza wa kuno misika ya ku Ulaya. Codex imalola mamaikulogalamu 15 pa kilogalamu mu mtedza wokakonzedwanso, pamene European Union imalola 4 okha mu wodyedwa mwachindunji. Chuku si mankhwala opopera, ndipo sichili m'manja mwa ZEMA monga momwe botolo lilili, koma nkhani ziwirizi n'zolukana. Chiswe ndi mbozi zikaboola makoko, chuku chimalowera pomwepo. Tizilombo ta m'thumba timabweretsa chinyezi chimene chuku chimakonda. Mlimi wouzidwa kuti asiye mankhwala popanda kupatsidwa njira ina amangosinthanitsa poizoni wina ndi mnzake. N'chifukwa chake uphungu wa ku Msekera umayambira kutali ndi botolo: kubzala ndi mvula yoyamba, kubzala mothinana kuti nsabwe zisakonde munda, kusankha mitundu yopirira khate, kukumba pa nthawi yake, kuumitsa bwino, kusanyowetsa makoko pofuna kuswa mosavuta, ndi kusunga m'makoko. Matumba otsekeka osalowa mpweya, monga a PICS amene anapangidwa ku yunivesite ya Purdue, amapha tizilombo pongotimana mpweya. Kampani ya COMACO, imene inayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa ndipo imagwira ntchito ndi alimi a ku Nyimba, imagula mtedza wa chiponde chake cha It's Wild! kwa magulu a alimi odziwika, njira imene imalola kutsata thumba mpaka kumene linachokera.

Kwa wotumiza kunja, nambala zimaluma kwambiri. Kuyambira 1995, pangano la World Trade Organization la za ukhondo wa zakudya limatenga miyezo ya Codex ngati poyambira pa mikangano ya malonda, koma limalola dziko kuika malire okhwima likakhala ndi zifukwa za sayansi. European Union, mwa lamulo lake la 2005 limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2008, imati pamene palibe malire olembedwa a mankhwala akutiakuti pa mbewu yakutiyakuti, malire ake ndi mamiligalamu 0.01 pa kilogalamu. M'thumba la makilogalamu 50 ndiye theka la miligalamu imodzi, kanthu kosaoneka ndi maso. Mbewu za alimi ang'onoang'ono zimagwera kawirikawiri m'dzenje limeneli, chifukwa minda yoyeserera imafuna ndalama zambiri, ndipo kampani siifulumira kulipira kafukufuku wa mankhwala akale otsika mtengo pa mbewu imene siibweretsa phindu lalikulu. Mankhwala amatha kukhala ololedwa ku Lusaka, othiridwa moyenera ku Petauke, koma katundu n'kubwezedwa pa doko la ku Ulaya.

Chlorpyrifos, amene alimi ambiri a m'chigawochi amamudziwa ngati mankhwala a chiswe, akuonetsa mmene zimenezi zimayendera masiku ano. European Union inakana kumuwonjezera chilolezo kumayambiriro kwa 2020 chifukwa cha nkhawa pa kakulidwe ka ubongo wa ana, ndipo mu November chaka chomwecho inatsitsa malire ake pa zakudya zonse kufika pa 0.01. Mu 2022 Codex inafafaniza malire ake a mankhwalawa. Mu May 2025, pa msonkhano wa ku Geneva, maiko a m'pangano la Stockholm anamuika pa mndandanda wa zofunika kuthetsedwa, n'kusiya mpata wa zaka zochepa pa ntchito zina zotchulidwa. Ku Zambia, kusandutsa chigamulo chotere kukhala zochitika ndi ntchito ya ZEMA: kuunikanso malaisensi a oitanitsa, kuwerenga katundu amene ali kale m'nyumba zosungira ndi m'masitolo a pa boma la Petauke ndi la Nyimba, kuona kumene otsala akatayidwe, ndi kulembetsa mankhwala ena a chiswe amene ali ndi malire odziwika pa mtedza.